Goodbye anali pemphero

Mwana asanathe kutchula dzina lake lomwe amakhala atadziwa kale kubayibitsa. Mlendo akanyamuka, mayi amagwira kadzanja ka mwanayo n'kumakagwedeza: "Uwabayibitse azakhali, bayiii." Liwu limeneli linakhazikika m'Chichewa mpaka timati kubayibitsa, anandibayibitsa, tibayibitsane, ndipo palibe amene amaima n'kufunsa kuti bayi ameneyu kwawo n'kuti. Kwawo ndi ku England. Ndi kachidutswa ka liwu la Chingerezi lija lakuti "goodbye", ndipo "goodbye" nayenso ndi zotsalira za chiganizo chathunthu chimene Angerezi ankauzana potsanzikana zaka zoposa 400 zapitazo: "God be with you", kapena "God be with ye". Mulungu akhale nanu.

Izi zokha si chinsinsi, dikishonale iliyonse yaikulu ya Chingerezi imanena. Chimene chimandikoka mtima ine ndi mmene kusinthako kunayendera, chifukwa ambiri amene amafotokoza nkhaniyi amaipotoza. Ndamvapo kangapo anthu akunena kuti Azungu anachita kuchotsa dala dzina la Mulungu m'mawuwa atayamba kutaya chikhulupiriro. Umboni umene ulipo ukuloza kwina. Mawuwa anaperepeseka m'kamwa mwa anthu opemphera, pa nthawi imene kujomba kutchalitchi unali mlandu wolipira.

Umboni wakale umene akatswiri a mawu amautchula kawirikawiri uli m'makalata a Gabriel Harvey, mwana wa bambo wopota zingwe wa ku Saffron Walden, amene anadzakhala mphunzitsi ku yunivesite ya Cambridge. Buku limene ankalembamo makalata akewo ndi la zaka za pakati pa 1573 ndi 1580, mu ulamuliro wa Mfumukazi Elizabeth I. M'kalata ina yamacheza, Harvey akuuza mnzake kuti pobweza "gallonde of godbwyes" imene walandira, iye akutumiza "pottle of howdyes". Galoni ndi muyezo wa zakumwa, ndipo "pottle" inali theka la galoni. "Howdyes" ndi "how do ye", muli bwanji wa nthawiyo. Akunena kuti wanditumizira matsalanibwino odzaza galoni, ine ndikubwezera mamulibwanji theka la galoni.

Tayang'anitsitsani liwu lakuti "godbwyes". Mulungu akadalimo wathunthu kumayambiriro. "Be" watsala b yekha, "with" watsala w yekha, "ye" akadalipo, ndipo kumapeto kwabwera s wosonyeza kuchuluka. Kalemba kakang'ono komalizirako ndi kamene kakuulula zambiri. Munthu sanganene pemphero mochulukitsa chotero n'kumaliyeza m'magaloni ngati iye ndi womuwerenga wake akulimvabe ngati chiganizo chokhala ndi mwini ndi mneni wake. Pofika nthawi ya Harvey mawu anayi aja anali atamatana kale kukhala chinthu chimodzi, dzina la mwambo umene anthu amachita posiyana.

Kalembedwe ka Chingerezi nthawi imeneyo kanali kasanakhazikike. William Caxton anali atabweretsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, komabe kwa zaka zambiri pambuyo pake aliyense ankalemba mmene khutu lake lamvera. N'chifukwa chake m'mabuku a zaka za m'ma 1500 ndi 1600 mumapezeka mitundumitundu: "God be wy you", "God b'w'y", "God buy you", "God buy ye". "Buy" ameneyu alibe chochita ndi kugula. Ndi "be with" atatafunidwa ndi munthu amene phazi limodzi latuluka kale pakhomo. M'buku la zisudzo za William Shakespeare limene linasindikizidwa mu 1623 muli malo amene amuna awiri osakondana, Jaques ndi Orlando, akusiyana m'nkhalango. Jaques akunena "God buy you", n'kupitiriza kuti tizikumana mwakamodzikamodzi mmene tingathere. Munthu akupereka mnzake m'manja mwa Mulungu, ndipo m'mpweya womwewo akumuuza kuti sakufuna kumuonanso. Oonera sakanadabwa nazo, chifukwa kwa iwo mawuwo anali atasanduka kale chizindikiro chakuti kucheza kwatha.

Komatu pachiyambi mawuwa sanali opepuka. Mizu yake ili m'Baibulo ndi m'tchalitchi. Pa Rute 2:4, Boazi akufika kumunda kuchokera ku Betelehemu n'kulonjera okolola ake kuti Yehova akhale nanu, iwo n'kuyankha kuti Yehova akudalitseni. Kwa zaka mazanamazana Mngerezi aliyense ankamva wansembe pa Misa akutembenukira anthu n'kunena m'Chilatini kuti "Dominus vobiscum", Ambuye akhale nanu. Mu 1549, mu ulamuliro wa Edward VI, buku la mapemphero limene Thomas Cranmer, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, anatsogolera kukonza linaika mawu omwewo m'Chingerezi, "The Lord be with you". Ndipo lamulo la 1559 linalamula kuti aliyense azipezeka kutchalitchi Lamulungu, wojomba popanda chifukwa alipire mapeni 12. Choncho anthu amene ankafupikitsa "God be with you" pa msika ndi pa khomo ndi omwewo amene ankamva m'bale wake wa mawuwa sabata ndi sabata kuchokera kuguwa.

Panalinso chifukwa chomveka chotchulira Mulungu posiyana. Munthu akatuluka pakhomo kupita kutali, otsalawo analibe njira yodziwira kuti wafika. Misewu inali yamatope nyengo yamvula, achifwamba ankabisalira apaulendo m'malo opanda anthu, ndipo London, kumene achinyamata ambiri ankathamangira kukafuna ntchito, unali mzinda umene mliri unkabwerako mobwerezabwereza. Mliri wofala ndi utitiri wa makoswe unapha anthu pafupifupi 20,000 kumeneko mu 1563, unabweranso mu 1593, mu 1603 ndi mu 1625, ndipo mu 1665 amene analembedwa m'kaundula kuti afa nawo anaposa 68,000. Mayi amene ankaperekeza mwana wake wopita ku London kukaphunzira ntchito ankadziwa bwino lomwe kuti mwina ndi komaliza. Ngakhale mu 1706, chikalata cholengeza za ngolo ya mahatchi yonyamula anthu pakati pa London ndi York, mtunda wa makilomita pafupifupi 320, chinalonjeza kuti ulendowo utenga masiku anayi, n'kuwonjezera kuti "if God permits", Mulungu akalola. Awa anali a bizinesi, osati abusa, koma sanayerekeze kulonjeza tsiku lofika popanda mawu amenewo.

Apa m'pamene ndimaona tanthauzo lenileni la mawu otsanzikana. Munthu amene uli naye pafupi ukhoza kumudyetsa, kumuchenjeza, kumugwira mkono akapunthwa. Akangokhota pa njira, mphamvu zako zathera pomwepo. Chimene chatsala ndi kumupereka kwa wina amene maso ake amafika kumene ako safika. Ndinaziona izi pafupi m'mawa wina pa depoti ya mabasi opita ku Johannesburg. Mnyamata anali atakwera kale, wakhala pawindo, chikwama pamiyendo. Amayi ake anaima pansi, chitenje atamangira m'chiuno, dzanja limodzi atagwira chitsulo cha windo ngati akufuna kuigwira basiyo kuti isachoke. Anamuuza kuti pasipoti aiike m'thumba la m'kati, kuti akafika pa boda aimbe, kuti asamabwereke munthu foni. Injini italira malangizo anatha. Anangoti, "Pita bwino mwanangu, Mulungu akutsogolere." Mnyamatayo anati, "Tsalani bwino amayi." Kamlongo kake, ka zaka mwina zisanu ndi chimodzi, kanathamanga pang'ono m'mbali mwa basi kakukuwa, "Bayi achimwene! Bayi!" Mayi ndi mwana wake wamng'onoyo ananena chinthu chimodzi, wina m'mawu athunthu, wina m'kachidutswa ka pemphero la Angerezi a m'nthawi ya miliri.

Tsono "God" anasanduka bwanji "good"? Yankho limene akatswiri ambiri amagwirizana nalo ndi losavuta. Angerezi anali kale ndi malonje angapo oyamba ndi "good": "good day", "good morrow", "good night", "good even". Pamene "God b'w'y" anafika posamvekanso ngati chiganizo, makutu anamuika m'gulu la anzake amenewa. Munthu amene m'mawa wanena "good morrow" ndipo usiku anena "good night" sangavutike kunena "good b'w'y" masana. Kalembedwe koyamba ndi "good" kanayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ndipo m'zaka za m'ma 1700 kanapambana. M'zaka zomwezo m'pamene "bye" ndi "bye-bye" anayamba kulembedwa ngati mawu otsanzikirana. "Bye" atangoima payekha, anthu anayamba kumuona ngati chinthu chimene chingakhale chabwino kapena choipa, monga tsiku kapena usiku, pamene kwenikweni ndi "akhale nanu" wopanda womutchula.

Ena amaganiza kuti "God" ndi "good" ndi liwu limodzi kuyambira kale, kuti Angerezi anatcha Mulungu dzinalo chifukwa ndi wabwino. Ayi ndithu. M'Chingerezi chakale mawu awiriwa ankalembedwa mofanana, g-o-d, koma lina linali ndi o wamfupi, lina o wokoka, ndipo mizu yawo ndi yosiyana. Kufanana kwawoko kwasokoneza anthu kawiri, mbali zonse ziwiri. Liwu lakuti "gospel" linayamba ngati "god spel" wa o wokoka, kutanthauza uthenga wabwino, kumasulira mwachindunji liwu la Chigiriki. M'kupita kwa nthawi o uja anafupika, anthu n'kuyamba kulimva ngati nkhani ya Mulungu, ndipo linalowa m'zinenero zina zoyandikana nazo ndi tanthauzo latsopanoli. Mu "gospel" ubwino unasanduka Mulungu, mu "goodbye" Mulungu anasanduka ubwino. Palibe msonkhano umene unakhala pansi kugamula chimodzi mwa ziwirizi.

Pali lamulo limodzi limene amene amakhulupirira zoti kunali kuchotsa dala angathe kulozapo chala, ndipo ndi bwino kulinena poyera. Mu 1606, mu ulamuliro wa James I, Nyumba ya Malamulo inaletsa ochita zisudzo kutchula dzina la Mulungu, la Yesu Khristu kapena la Mzimu Woyera mwanthabwala kapena mwachipongwe pa siteji. Wolakwa ankalipira mapaundi 10, ndalama imene wantchito wamba sakanaipeza ngakhale atagwira ntchito miyezi yambiri, theka kwa mfumu, theka kwa amene wakanena. Lamuloli linagwiradi ntchito, moti zisudzo zina zinasefedwa malumbiro. Inalinso nthawi imene anthu ankazembetsa dzina la Mulungu polumbira, monga "zounds" m'malo mwa "God's wounds", mabala a Mulungu. Koma taonani cholinga cha lamulolo. Linkateteza dzina la Mulungu chifukwa cholilemekeza, silinkalithamangitsa. Ndipo "God buy you" wa Jaques uja anasindikizidwa bwinobwino zaka 17 lamuloli litakhazikitsidwa. Dalitso lotsanzikirana silinali m'gulu la zotukwana.

Ndiye ine ndimati mawuwa anatha ngati mmene umathera mpini wa khasu. Mpini umene umasalala n'kuonda pogwirira ndi wa khasu limene limapita kumunda tsiku ndi tsiku, osati limene lili patsindwi. "Godspeed", mawu ena otsanzikira wapaulendo otanthauza kuti Mulungu akupambanitseni, akadali ndi Mulungu wake wathunthu mpaka lero, chifukwa ndi mawu a pa zochitika zikuluzikulu, amanenedwa mwa apo ndi apo. "God be with you" ankanenedwa ndi wogulitsa nsomba, ndi mwana wotumidwa, ndi mwamuna wopita kumunda, kambirimbiri pa tsiku. Anafupika chifukwa aliyense ankawafuna.

Komabe pali anthu amene anakana zonsezi ndi mtima wonse, ndipo sindingathe kuwanyalanyaza, chifukwa funso lawo ndi lolemera. George Fox, amene anayambitsa gulu la Akhristu lotchedwa a Quaker chapakati pa zaka za m'ma 1600, anafotokoza kuti Ambuye anamuletsa kuvulira munthu aliyense chipewa, kugwadira kapena kuweramira wina, ngakhalenso kunena "good morrow" ndi "good evening". Chingerezi cha nthawiyo chinali ndi "thou" wofanana ndi iwe wathu, ndi "you" wofanana ndi inu. Fox ndi anzake ankati "thou" kwa aliyense, wolemera ndi wosauka, woweruza milandu ndi wopemphapempha. Anamenyedwa ndi kutsekeredwa m'ndende kambirimbiri, mbali ina chifukwa cha khalidwe limeneli. Mfundo yawo inali yakuti mawu a Mkhristu azikhala oona nthawi zonse, ndipo malonje onenedwa mwachizolowezi, mtima uli kwina, ndi kunyengana.

Ndimawalemekeza anthu amenewa, chifukwa analipira mtengo pa chimene ankakhulupirira. Ndipo akunena zoona kuti dalitso likhoza kutuluka m'kamwa mopanda kanthu m'kati, monga linatulukira kwa Jaques. Koma pamene ndimasiyana nawo ndi apa: mawu achizolowezi ali ndi ntchito imene mawu ochokera pansi pa mtima sangaigwire tsiku lililonse. Palibe munthu amene angathe kumva kulemera konse kwa kusiyana nthawi iliyonse imene mnzake watuluka pakhomo. Mwambo umatisungira mawuwo kuti akhalepo ngakhale tsiku limene tatopa, takwiya kapena tili pa changu. Aliyense amene anachokeredwapo ndi munthu osatsanzika amadziwa kupweteka kwake. Sitidandaula kuti sanatiuze mawu okoma. Timadandaula kuti sanationa ngati anthu oyenera kuuzidwa kuti ndapita. "Anachoka osatsanzika" ndi mlandu umene umakambidwa pabanja zaka zambiri. Tsono ngakhale "bye" wouma uja amagwirabe ntchito imodzi ya pemphero lakale lija, kuvomereza kuti pano tikusiyana ndipo kusiyanako si kanthu kachabe.

Angerezi sanali okha pa zimenezi. "Adieu" wa Chifalansa ndi "à Dieu", kwa Mulungu, chidule cha kunena kuti ndikukuperekani kwa Mulungu. "Adiós" wa Chisipanishi, "addio" wa Chitaliyana ndi "adeus" wa Chipwitikizi, amene abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amamudziwa, onse ndi amodzimodzi. Ngakhale "tschüss" amene Ajeremani amaponyerana mopepuka lero anachokera ku "adieu" yemweyo, kudzera mu "adjüs" wa kumpoto kwa dzikolo, ndipo waperepeseka kuposa "goodbye". Chochititsa chidwi n'chakuti m'Chifalansa cha masiku ano "adieu" anasungidwira makamaka kusiyana kosayembekezera kuonananso, ndipo pa tsiku wamba amati "au revoir", tionananso. M'Chifalansamo, mmene dzina la Mulungu linakhalabe lomveka, mawuwo analemera kwambiri mpaka anthu anayamba kuwaopa pa kusiyana kwa tsiku ndi tsiku. Kumene linabisika, mawuwo anakhalabe pakamwa pa aliyense. "Goodbye" amanenedwa pa foni ndi pa manda pomwe.

Chingerezi chinali ndi liwu lina lakale, "farewell". "Fare" ankatanthauza kuyenda, choncho "farewell" ndi yendani bwino, ndendende mmene timanenera ife. Poyamba anali mawu ouza amene akunyamuka. Lero amamveka a m'mabuku ndi a pa maphwando otsanzikana ndi wopuma pa ntchito. "Goodbye" analanda malo ake, ndipo ndikuganiza kuti chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti sasankha mbali. Ife timasiyanitsa wopita ndi wotsala, wina amati tsalani bwino, wina pitani bwino, ndipo mlendo wophunzira Chichewa amasokoneza ziwirizi kwa nthawi ndithu. Mulungu akhale nanu amayenera onse awiri, chifukwa wotsalayo nayenso sakudziwa chimene chimugwere mnzake asanabwerere.

Munthu mmodzi amene anamva chisoni ndi kubisika kwa tanthauzoli anachitapo kanthu. Jeremiah Rankin anali m'busa wa mpingo wa First Congregational mu Washington, D.C., ndipo pambuyo pake anadzakhala mkulu wa Howard University. Mu 1880 analemba nyimbo yakuti "God Be with You Till We Meet Again". Iye mwini anafotokoza kuti sanailembere munthu wina kapena chochitika china chake. Anailemba mwadala kuchokera pa chiyambi cha liwu lakuti "goodbye", kuti Akhristu akhale ndi mawu otsanzikirana onena poyera chimene liwulo linkanena kale. Ndime yoyamba anaitumiza kwa anthu awiri opeka maimbidwe, wina wotchuka, wina wosadziwika, ndipo anasankha maimbidwe a wosadziwikayo, William G. Tomer. Nyimboyi inafala kudzera m'misonkhano ya chitsitsimutso ya mlaliki Dwight Moody ndi woimba Ira Sankey, ndipo inamasuliridwa m'zinenero zambiri. Imaimbidwa potseka misonkhano ikuluikulu, potsanzikana ndi abusa osamuka, ndi pa maliro.

Rankin anawonjezera chinthu chimene mawu akale analibe, kufikira tidzaonanenso. "God be with ye" sankalonjeza kukumananso, ankangopempha kuti wopitayo asakhale yekha. Rankin anaphatikiza pempholo ndi chiyembekezo, ndipo n'chifukwa chake nyimboyi imakwanira pa siteshoni ndi pa manda mofanana.

Chinanso chimene anachita, kaya ankadziwa kaya ayi, ndi kuika mawuwo pamalo pamene sangaperepeseke. Polankhula timathamanga, timameza zilembo, ndipo m'zaka 200 chiganizo cha mawu anayi chimatsala phokoso limodzi. Poimba, liwu lililonse lili ndi noti yake ndi nthawi yake, ndipo mpingo wonse umayenera kulitchula pamodzi, sungadumphe "with" anzako akadali pa "be". Papita zaka zoposa 140 chilembedwere nyimboyi, nthawi yokwanira kuti mawu a pakhomo asinthe maonekedwe, koma m'nyimboyi "God be with you" akutchulidwabe onse anayi.